Nsomba za Bele Limodzi

Mng'ono wanga ndinamulera ndine. Mayi atamwalira iye anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndili Sitandade 7, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo. Sindidandaula nazo. Wina ankayenera kuphika, wina ankayenera kukhala pa thandala kuingitsa akhwangwala ku usipa, ndipo chisamba pakhomo ndinali ine. Koma ndinalumbira chamumtima kuti mzime wathuyu yekha sukulu adzaiona pothera pake. Nditakwatiwa sindinapite kutali. Amuna anga anamanga kuseri kwa nyumba ya bambo, moti mtsikanayu ankagona kwa bambo, kudya kwa ine.

Chaka chimene ndikunenachi anali Fomu 4 pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, mayeso atatsala miyezi itatu. Ankafuna unamwino, ndipo anandiuza kuti unamwino popanda bayoloje ndi ngati bwato lopanda nkhafi. Buku lake la bayoloje analikutira ndi pepala la thumba la simenti kuti lisanyowe.

Bambo anali atasiya kulowa m'nyanja chifukwa cha chifuwa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasoka maukonde a anthu. Zilembo za kusukulu sawerenga bwino, koma Kurani amaiwerenga mpaka anthu odutsa kuima. Mtsikanayu akafika kuchokera kusukulu ankamufunsa zimene waphunzira, ndipo ankasangalala nazo ngati mwana. Tsiku limene anamva kuti mtima uli ndi zipinda zinayi anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ndiye ukuposa nyumba yanga!"

Lachitatu lina masana ndinali pa thandala kutembenuza usipa, mwana wanga wa miyezi isanu ndi itatu ali kumbuyo. Mng'ono wanga anafika, anagwada kupereka moni, bambo n'kumufunsa monga mwa masiku onse.

"Lero madamu atiphunzitsa kuti zamoyo zimasanduka," anatero.

Dzanja la bambo linaima pa ukonde.

"Zimatani?"

"Zimasanduka, bambo. Akuti kalekale nsomba ina inasanduka chule, abuluzi ena anasanduka mbalame. Ngakhale munthu."

"Munthunso amasanduka?"

"Ee. Akuti nyani ndi munthu..."

"Taima. Masandukidwe akewo akukuphunzitsani?"

"Tangoyamba lero. Mawa atiuza mmene zimachitikira, chimodzichimodzi. Akuti tizigwire bwino chifukwa zimabwera pa mayeso."

Bambo anati, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire," motsitsa, kenaka anatambasula dzanja. "Bwera nalo bukulo."

Anamupatsa akumwetulira, poganiza kuti akufuna kuona zithunzi. Bambo anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo tinamva bokosi lawo lachitsulo likutsekuka, lija amasungamo mbedza ndi mkanjo wa Lachisanu. Atatuluka anati, "Sukulu imeneyo basi. Uzithandiza mkulu wako pa thandala."

Mng'ono wanga sankadziwa chimene wakhudza. Anabadwa mochedwa, ndipo nkhaniyo pakhomo pathu sitinkaikamba. Ine ndinaimva kwa mayi, kamodzi kokha, tikuchapa.

Bambo anakulira kumpoto kwa kuno, pafupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Ali achichepere, ng'ona inagwira mayi wina akutsuka mbale. Mayiyo anali atakangana ndi agogo athu, bambo awo a bambo, za malire a munda wa mpunga. Anthu anayamba kunong'ona kuti ng'onayo si ya m'madzi, ndi agogo anasanduka. Palibe anawamenya, palibe anawaitanira kubwalo. Anthu anangoleka kugula nsomba zawo. Kumzikiti, pamene amuna amaima phewa ndi phewa, ankasiya mpata mbali zonse ziwiri za agogo. Anapirira chaka chimodzi, kenaka anakweza mkazi, ana ndi miphika m'bwato n'kubwera kuno. Bambo anaziona zonsezo ndi maso awo.

Ndiye mwana wawo yemwe, mzime wawo, wabwera nalo liwu limenelo pakhomo atalikutira ndi pepala la simenti.

Mtsikanayu analira, kenaka anayamba kuyankha. "Bambo, ndi sayansi! Vuto ndi loti inu simunapite kusu..." Ndinamutsina pa ntchafu asanamalize, n'kumukokera kuseri.

"Achemwali, mundipweteka!"

"Ukapitiriza ndikupwetekadi. Khala chete."

"Mayeso ali pafupi!"

"Ndikudziwa. Bokosi lija silitsekuka ndi pakamwa."

Bambo ndimawadziwa. Ukawatsutsa atakwiya amakhomerera mawu awo, ndipo mawa lake ngakhale afune kubwerera amachita manyazi. Ndiye sindinanene kanthu. Lachinayi ndinawaphikira phala la mpunga lothira tsinjiro, anamwa. Lachisanu anapita kumzikiti, anabwerako. Mng'ono wanga ankatembenuza usipa mwaukali mpaka kuuthyola mitu. Amuna anga anati, "Za kwanu izo, ine ndine mkamwini," n'kunyamula nkhafi yawo.

Chimene chinkandivuta ine n'chakuti sindinkakhulupirira kuti boma lingalembe munthu ntchito yophunzitsa ana ufiti masanasana, ndi choko. Penapake panali polakwika, koma sindinkadziwa pati. Lolemba m'mawa ndinabereka mwana, ndinauza bambo kuti ndikupita kusikelo, ndipo kusikeloko ndinapitadi kuti lisakhale bodza. Kuchoka kumeneko ndinakwera kabaza mpaka kusukulu.

Ndinali ndisanapondepo pa sekondale. Ndinaima pansi pa mtengo nthawi yaitali, ndikununkhiza manja anga ngati akumveka nsomba. Mtsikana wina wa m'kalasi mwa mng'ono wanga anandizindikira, ndiye anakandiitanira madamu a bayoloje.

Ndinkayembekezera mayi wamkulu wa magalasi. Kunatuluka mtsikana wa msinkhu wanga, woonda, choko chili mpaka m'tsitsi. Atangopereka moni ndinamva kuti ndi wa kumpoto. Chichewa chawo chinali chabwino, koma chinkayenda ngati munthu wovala nsapato za mnzake.

"Mwasowetsa mwana wanga wanzeru," anatero. "Akudwala?"

Ndinawauza zonse, kupatula za agogo. Kenaka ndinafunsa, "Madamu, chimene munaphunzitsacho pa Chingerezi chimatchedwa chiyani?"

"Evolushoni. Ndimaphunzitsa m'Chingerezi, koma ndikaona kuti ana angoti maso tong'o ndimaponyapo liwu la Chichewa."

"Tandiuzeni ineyo, ngati mukuuza mwana wa Sitandade 7."

Tinakhala pa khonde la kalasi. Anati palibe nsomba imene inagona ili nsomba n'kudzuka ili chule. Ana amabadwa osiyana pang'ono ndi makolo awo, ndiponso osiyana okhaokha. Amene kusiyana kwawoko kwawathandiza kupeza chakudya kapena kuthawa adani ndiwo amakula n'kubereka. Zikapita choncho mibadwo yosawerengeka, zidzukulu za kuno ndi zidzukulu za uko sizifanananso.

"Ndiye mwini wakeyo amadziwa kuti akusintha?"

"Sadziwa. Iye amafa mmene anabadwira."

"Sadzola kanthu?"

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Madamu," ndinatero, "kusanduka kuno ndi kwa munthu mmodzi, ndipo amachita dala. Amavula zovala pa gombe, amadzola zimene amadzolazo, amakagwira amene akudana naye, n'kubwerera kudzavala. Liwu limenelo silikhala ndi ntchito ina. Chanucho n'china."

Anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndimayesa kusintha ndi kusanduka n'chimodzi. Ndiye ana onse aja akauza makolo awo kuti..."

"Kuti mawa muwaphunzitsa mmene zimachitikira, chimodzichimodzi."

Anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Mwana wanga anawakoka tsitsi, ndiye zinathera pa kuseka.

Kenaka analowa m'kalasi n'kutuluka ndi buku lalikulu. Anatsegula tsamba lodzaza nsomba, n'kunena kuti azungu ndi akuda omwe ophunzira zinthu zimenezi amabwera kunyanja yathu ino kuchokera kutali, chifukwa nsomba zambirimbiri za muno zinachokera kwa kholo limodzi. Mayina a pansi pa zithunzi anali aatali ngati njoka, koma nkhope ndinazidziwa.

"Uyu ndi chambo. Awa ndi utaka. Uyu wa mano ndi mcheni."

"Mwazidziwa bwanji msanga chotere?"

"Ndazitumbula kuyambira ndili ndi zaka khumi. Zonsezi zimalerera ana m'kamwa. Nthawi ina ukatsegula chambo umapeza mazira m'kamwa, pena tiana tamoyo. Kampango satero, usipanso sutero." Ndinayang'ananso tsambalo. "Ndiye mukutanthauza kuti izi ndi za bele limodzi."

Anayang'ana pachifuwa panga pamene mwana anali atayamba kufunafuna. "Bele?"

Ndinaseka. Ndinawafotokozera kuti kwathu kuno ana a mayi mmodzi, ndi ana a ana ake aakazi, mpaka kutsika, timati ndi a bele limodzi. Akachuluka amagawikana. Ena amakwera kumtunda kukalima chinangwa, ena amatsala kunyanja. Pakapita zaka, mayendedwe amasiyana, manja amasiyana, ngakhale kalankhulidwe, moti mukakumana pamsika mutha kupitirirana. Koma pamaliro akuluakulu amakukhazikani pa mphasa imodzi.

Anatenga cholembera n'kulemba liwulo pa chikhatho.

Anafuna kupita nane tsiku lomwelo kukapepesa. Ndinakana. Ndinati abwere Lachisanu masana, bambo atabwerako kumzikiti n'kudya, chifukwa ndi pamene mtima wawo umakhala pansi. Avale chitenje ndi mpango kumutu. Buku asatenge. Ndipo asabwere kudzaphunzitsa, abwere kudzafunsa.

Masiku anayi amenewo anali aatali kwa mng'ono wanga. Ankawerenga makope a maphunziro ena atabisala kuseri kwa bafa. Ndinamuuza kuti Lachisanu akhale m'nyumba, ndipo akatulutsa liwu limodzi ndimusiya yekha ndi bambo ake.

Lachisanulo ndinalawirira kudooko. Ndinapeza chambo mmodzi, mcheni mmodzi, utaka pang'ono ndi kakampango kakang'ono, ndinawonjeza usipa wauwisi wodzaza dzanja, zonse ndinaika m'beseni n'kuvundikira ndi masamba a nthochi. Madamu anafika pa nthawi yake, mpango utamangidwa mokhota. Ndinayala mphasa patali pang'ono ndi mpando wa bambo, tinakhala awiri. Atangoti, "Muli bwanji, adada?" bambo anandiyang'ana.

"Chisamba, wanditchera mono."

"Ndi mlendo chabe, bambo."

"Mlendo wa choko m'zikhadabo."

Madamu sanazungulire. Anati iwo ndi amene anaphunzitsa mwanayo, ndipo analakwitsa liwu chifukwa Chichewa anachiphunzira atakula. Anati zimene liwulo limatanthauza kuno sankazidziwa, sanaziphunzitsepo ndipo sazikhulupirira. Anapepesa akuomba m'manja mwa kwawo.

Bambo anati, "Mayi, liwu limenelo linasamutsa bambo anga pamudzi pawo." Ndipo anafotokoza zonse, za ng'ona, za munda wa mpunga, za mpata wa kumzikiti. Ine ndinali ndisanawamvepo akuzinena ndi pakamwa pawo. Chitseko cha nyumba chinalira pang'ono, ndinadziwa kuti mng'ono wanga akumva.

Atatha, ndinakoka beseni lija n'kuvundukula.

"Bambo, madamuwa kwawo ndi kumapiri. Akuti muwathandize, pa nsomba izi achibale ndi ati."

Anadziwa kuti ndi mono womwe uja, koma nsomba zikakhala patsogolo pawo bambo sangadzigwire. Anapinda manja a mkanjo. Kampango anamukankhira kumbali. "Uyu alibe mamba, kwawo ndi kwa mlamba." Usipa anauika pawokha. "Aka ndi kamdzukulu ka mpasa." Chambo, utaka ndi mcheni anaziika pamodzi.

"Koma adada, mcheniyu ndi wamtali, mano ngati galu. Chamboyu ndi wofutukuka. Akhala bwanji pachibale?"

"Mukuona kunja. Chisamba, mpeni."

Anang'amba chambo pansi pa mutu, analowetsa chala kummero, n'kutulutsa kafupa ka ngodya zitatu, pamwamba pake pali timano ting'onoting'ono tothinana. Anachita chimodzimodzi ndi utaka, kake kanali kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana. Anachitanso ndi mcheni, kake kanali kakatali, timano tosongoka. Anatiyala titatu pa tsamba la nthochi.

"Nyumba ndi imodzi," anatero. "Uyu amasefa zobiriwira za m'madzi, uyu amayamwa tizilombo tosaoneka, uyu amathamangitsa usipa. Aliyense mano a ntchito yake."

Madamu anakhudza kafupa ka mcheni ndi nsonga ya chala. "Ndakhala ndikujambula kafupa aka pa bolodi zaka zitatu. Ndinali ndisanakaone."

Bambo anayesa kubisa kukondwa, koma ndevu zawo zinawaulula.

"Izi ndi zimene ndinkafuna kuuza ana," anatero madamu. "Kuti ndi za bele limodzi."

Bambo anandiyang'ananso, podziwa kumene liwulo lachokera. "Nanga anazisiyanitsa ndani?"

"Buku likuti chakudya, malo okhala, ndi nthawi yaitali kwambiri."

"Ine ndimati Mulungu."

"Bukulo silinena za mwini ntchito, adada. Limangolondola mmene ntchitoyo inayendera."

Bambo anati, "Mhm." Anapukuta mpeni pa tsamba. Ndinayamba kupuma bwino. Kenaka anafunsa chimene ndinkaopa.

"Nanga munthu?"

Ndinagunda phazi la madamu ndi langa pansi pa chitenje, kuti angoti za munthu n'zina. Sanandimvere.

"Buku likuti munthu ndi anyani akuluakulu a kunkhalango nawonso ndi a bele limodzi, kalekale. Silikuti nyani anasanduka munthu. Koma likuti ndi pachibale, ndipo ndimaphunzitsa choncho."

Ndinati basi, unamwino wathera pano.

"Pamenepo ndiye tasiyana," anatero bambo. "Ine gogo wanga ndi Adamu, mtendere ukhale pa iye."

"Nanenso ndimapemphera, adada. Lamulungu ndimaimba kwaya. Mwanayu sindimufunsa chimene amakhulupirira, mayesonso samufunsa zimenezo. Amufunsa chimene bukulo likunena ndi zifukwa zake."

"Mwana wangayu wakupondani phazi kuti mundinamize. Ndaona."

Ndinafuna kulowa pansi. Nthawi yomweyo mwana wanga anakwawira m'beseni n'kutola utaka kuti aike m'kamwa, ndiye ndinapeza pobisa nkhope, ndikumulanda.

Bambo anafunsa kuti liwu lija analimva ana angati. Madamu anati kalasi yonse.

"Ndiye lili m'nyumba zambiri. Mukalichotse pamene munaliika."

"Lolemba, adada, ndikachotsa pamaso pa onse. Koma tifupa iti ine sindingathe kutitulutsa, ndingoting'amba. Simungabwere mudzawaonetse?"

"Ine? Kusukulu? Ndi mano anga atatuwa?" Anaseka n'kudzuka kukatawasa kuti akapemphere, nthawi ya swala inali itakwana. Za buku sananene kanthu.

Ndinaperekeza madamu mpaka kumsewu. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanangodutsira za munthu zija. Anati akadatero, mwana akadabwera nazo yekha sabata yotsatira, ndipo bokosi likadatsekedwa kachiwiri, osatsekukanso. Ndinavomereza, ngakhale mtima unali m'mwamba.

Za munthuzo, kunena zoona, ngakhale ine sindinazimalize. Za nsomba ndinaziona ndi maso. Za Adamu ndinaziphunzira ku madrasa ndili wamng'ono, ndipo ndikamaswali sindikayika. Ziwirizi zimakhala mwa ine ngati mpunga ndi chinangwa m'nyumba imodzi, chilichonse m'thumba lake. Mwina mng'ono wanga adzazilongosola bwino kuposa ine.

Loweruka bokosi silinatsekuke. Lamulungu chimodzimodzi. Mtsikanayu anasiya mkwiyo kuyambira pamene anamva za agogo. Ankawatengera bambo madzi asanapemphe, ankawagwirira ukonde akamasoka. Kawiri konse anatsegula pakamwa kuti afunse za buku, kawiri konse ndinamuyang'ana mpaka anatseka.

Lolemba, bambo atangobwerako ku swala ya m'mawa, anaima pakhomo panga.

"Chisamba! Thamangira kudooko. Chambo, utaka ndi mcheni. Uuze mzime achite changu, ine sindidikira munthu."

Nditabwerako ndinawapeza atavala mkanjo wa Lachisanu pa tsiku Lolemba, ndi kofiya, buku lili m'khwapa, mpeni wokulunga m'nsanza uli m'manja. Mng'ono wanga anali atavala yunifolomu, akumanga nsapato. Bambo anamupatsa bukulo osamuyang'ana.

"Ukalembe zimene akufunazo, ukhoze. Gogo wako Adamu ukumudziwa."

"Ndikumudziwa, bambo."

"Nyamula ndowa."

Ananyamuka, bambo patsogolo, iye pambuyo ndi ndowa pamutu. Ine ndinatsala, usipa unali wambiri tsiku limenelo. Kuyambira tsikulo mtsikanayu sanajombenso mpaka analemba mayeso.

Zimene zinachitika kusukulu ndinazimva kwa iye masana, akuvula nsapato. Madamu anayamba ndi kupepesa, analemba liwu lija pa bolodi n'kulifufuta ana akuona. Kenaka anapereka mpata kwa bambo kuti alankhule mphindi khumi. Bambo analankhula mpaka belu linalira, ndipo sanadziwe kuti belulo likunena iwo. Aphunzitsi a masamu anaima pakhomo ndi choko chawo, anadikira, kenaka anangolowa n'kukhala pa benchi ya kumbuyo. Mnyamata wina anafunsa za anyani pofuna kuwayesa, bambo anati, "Izo afunseni madamu, ine ndabwerera nsomba."

Bambo eni ake anafika pambuyo, akuyenda pang'onopang'ono, mkanjo uli ndi timadontho ta magazi a nsomba. Anakhala pa mpando wawo n'kupempha madzi.

"Mcheni unandipatsa uja ndi wa dzulo," anatero. "Kafupa kanatuluka ndi nyama, ndachita manyazi pamaso pa ana. Ulendo wina uzisankha bwino."

"Ulendo wina uti, bambo?"

"A Fomu 3 akuti nawonso akufuna. Lachinayi. Undichapire mkanjowu."